Bwalo la Lexington ndi Bwalo Lathu: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka



Mwandipempha kuti ndifotokoze zimene ndidaona ku Amereka. Sindinena za nyumba zosanjikizana ayi. Ndinena za bwalo.

Pakati pa tauni yaing'ono ya Lexington, m'chigawo cha Massachusetts, pali bwalo la kapinga la ngodya zitatu, lozunguliridwa ndi misewu. Sikuti ndi lalikulu: ndi maekala awiri ndi theka basi. M'chaka cha 1711 anthu a m'mudzimo adasonkha ndalama nagula malowo kuti akhale a onse, ndipo mu 1722 adawonjezerapo ekala imodzi.

Pa 19 Epulo 1775, m'bandakucha, amuna a m'mudzimo osakwana 80, motsogozedwa ndi Kaputeni John Parker, adaima pabwalopo kuyang'anizana ndi asilikali a Britain. Mfuti zidalira, ndipo anthu asanu ndi atatu a mbali ya Parker adafa. Apo m'pamene idayambira nkhondo yomenyera ufulu wa Amereka.

Lero mukafika mupeza chipilala chimene adaimika mu 1799, ndipo pambali pake pagona asanu ndi awiri mwa ophedwa aja. Mupezanso chosema cha mlimi atanyamula mfuti, cha mu 1900. Tsidya lina la msewu kudakali Buckman Tavern, nyumba imene amunawo adadikiriramo usiku uja. Chaka ndi chaka, mu Epulo, anthu amalawirira kukaonera sewero la nkhondoyo.

Chidandikhudza mtima n'chakuti papita zaka zoposa 300, koma palibe amene adadulapo puloti.

Ife Amalawi bwalo timalidziwa. M'pamene mfumu imaweruzira milandu, m'pamene gule amavinidwira. Nanga bwalo la pasukulu pathu pano, pamene tinkafola m'mawa ndi kumenya mpira madzulo? Ndalizungulira lero. Kumunsi kuja mizere ya chimanga yalowa mpaka kugolo, ndipo mitengo imene tidabzala yatsala zitsa.

Sindikuloza munthu chala. Malo opanda malire aliyense amayesa ndi ake. Pempho langa ndi ili: tisonkhe kangachepe, tikhale pansi ndi mafumu ndi komiti ya sukulu, tiike miyala ya malire, ndipo mvula ikagwa tibzale mitengo. A ku Lexington adayambanso ndi chopereka. Mutu umodzi susenza denga.

Tikazengereza, adzukulu athu adzafola pamsewu.