Za Ana Athu ndi Maphunziro a pa Lamya



M'mwezi wa March 2020 Boma linatseka masukulu onse cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo maphunziro anaperekedwa pa wailesi ndi pa intaneti. Ana ambiri a kumidzi anatsala m'mbuyo; pakuti lamya ya pakhomo iri imodzi, atate amapita nayo kumsika, ndipo moto wace ukatha, kotchajira kuli kutali ndiponso nkolipira.

Cifukwa cace ndikupemphani, Mafumu, patulani nyumba imodzi m'mudzi. Ife a Bungwe tisonkhe ndalama za sola ndi lamya ziwiri, kuti ana aziphunzirapo madzulo, mphunzitsi ali pomwepo. Asungwana asatsalire kumtondo ai. Msungicuma alembe lero lomwe maina a osonkha.