Makoko a Manachesi a ku Mwanza

Nyengo yachisanu ikafika, msika wa pa Mwanza umangoti psuu ndi manachesi. Wapaulendo amasenda, nadya, nataya makoko m'ngalande; zipatso zosoŵa wogula zimaolera pansi pa mtengo, mlimi ali manja m'khosi.

Komatu m'zotayidwazo muli shuga, ndipo womufuna alipo. Ameneyu ndi yisiti wofiira wotchedwa Rhodotorula, wopezeka m'dothi ndi pamasamba. Akatswiri a sayansi akamdyetsa msuzi wa makoko a zipatso, kapena manyuchi akuda otsala popanga shuga, onga a ku Nchalo, amachulukana napanga utoto wa karotini. Utotowu, umene unayamba kupezedwa m'karoti mu 1831, thupi limausandutsa vitamini A, woteteza maso a ana.

Chopinga chilipo. Mafuta onunkhira aja amene amathothokera m'maso posenda nachesi amafooketsa yisiti, motero amayamba achotsedwa; mwamwaŵi, nawonso ndi malonda paokha. Ntchitoyi imalira matanki aukhondo, osati mbiya ya thobwa, ndipo makoko a mlimi mmodzi sangadzaze thanki. Ayenera kusonkhanitsidwa kuchokera m'minda yambiri ndi kuumitsidwa msanga, asanachite nkhungu.