Mawu a mlendo wolemekezeka potseka maphunziro a madalaivala a mavani ndi ma Canter, Chipata

Wapampando wa mwambo uno, nduna zoimira mafumu athu, akuluakulu ochokera ku bungwe loona za chitetezo cha pamsewu la RTSA ndi kupolisi ya pamsewu, eni magalimoto, madalaivala amene mwamaliza maphunzirowa, amayi ndi abambo:  Andinong'oneza kuti nsima ili pamoto, ndiye sinditalikitsa, koma pali nkhani imodzi yomwe ndiyenera kuitula ndisanakhale pansi.

Tikamakamba za ngozi zapamsewu m'Zambia muno, maso athu amathamangira pa mabasi akuluakulu ndi mathiraki. N'zomveka. Sitidaiwale basi ya Post Bus yomwe idawombana ndi thiraki ku Chibombo mu February 2013, anthu opitirira 50 n'kutisiya tsiku limodzi. Mu 2016 boma lidafika poletsa mabasi kuyenda usiku kuyambira 21:00 mpaka 05:00. Koma galimoto yomwe imasenza chuma cha kuno kum'mawa ndi Canter, ndi Hiace yochotsedwa mipando, ndi vani ya buledi, ndi ka Hilux ka wogula soya. Izi ndizo zimafika ku Chadiza, ku Vubwi, ku Chipangali ndi m'midzi ya mumsewu wa Lundazi. Zimapita ndi feteleza, zimabwerako ndi nshawa ndi mpendadzuwa. Maliro akagwa timathamangira zomwezo. Pa Nc'wala ku Mtenguleni, pa Kulamba ku Mkaika, muwerenge anthu amene amafika ataimirira kumbuyo kwa Canter, atagwirira zitsulo.

Vuto la magalimoto amenewa n'lakuti pothamanga amachita ngati galimoto yaing'ono, koma akasenza, poima amafuna mtunda ngati thiraki. Dalaivala amazolowera liwiro lomwe amapita nalo m'mawa kumbuyo kuli mbee, n'kubwerera nalo lomwelo madzulo atakweza matumba 60 a chimanga. Matumba 60 a makilogalamu 50 ndi matani atatu, ndipo nthawi zambiri amakhala pa galimoto yomwe ku Japan adaipangira matani awiri. Mumaidziwa ikamabwera usiku: kumbuyo yakhala pansi, magetsi akuwalitsa nthambi za mitengo m'malo mwa msewu. Matayala akutsogolo apepukidwa, chiwongolero chikungoyandama m'manja. Pamwamba pa matumba pali njinga, mbuzi yomangidwa miyendo, ndi mayi wobereka mwana. Ikafika pakona, katundu wa pamwambayo amafuna kupitirira molunjika pamene galimoto ikukhota. Amene mudatsikapo mapiri a Manenekela mutasenza chonchi mukulidziwa fungo la mabuleki akamapsa, ndipo mukudziwa mmene mtima umachitira phazi likafika pansi galimoto osamva. Nanga matayala? Ambiri ndi a salaula, adatha kale ntchito kwina.

Aphunzitsi anu akuuzani kale masamu ake, koma ndibwereze chifukwa eni magalimoto munalibe m'kalasimo. Munthu akaona choopsa, pamadutsa sekondi imodzi kapena kuposa asanaponde buleki. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola, m'sekondi imodzi yomweyo galimoto yayenda mamita 28, dalaivala asanachite kalikonse. Pa 60 yayenda mamita 17. Pa 30, mamita 8 okha. Ukapondano bulekiyo, mtunda woimira sukwera molingana ndi liwiro: ukawirikiza liwiro kawiri, mtundawo umawirikiza kanayi. Izi zimakhala chonchi ngakhale dalaivala akhale katswiri wa zaka 30 pamsewu.

Ku Britain adaziganizira zimenezi n'kuika m'malamulo. Pa msewu wonga wathu wa Great East, wa mbali imodzi yopita ndi imodzi yobwera, galimoto yaing'ono imaloledwa mamailosi 60 pa ola, pafupifupi makilomita 97. Vani yonyamula katundu, monga Ford Transit, imaloledwa mamailosi 50, omwe ndi makilomita 80. Msewu womwewo, tsiku lomwelo, malire osiyana. Ndipo kumeneko sakumana ndi ngolo ya ng'ombe yopanda nyali madzulo, kapena nkhumba yodumpha msewu pa Sinda.

Msewu wathu udakonzedwanso kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami, ndipo tikuthokoza. Mu December 2022 a Pulezidenti Hakainde Hichilema ndi a Pulezidenti Lazarus Chakwera a ku Malawi adatsegula malo amodzi ochitira zonse za pamalire a Mwami ndi Mchinji, kuti katundu asamagone pa geti. Zonsezi n'zabwino pa malonda. Kungoti kale maenje ndiwo ankatigwira mwendo, tinkachepetsa liwiro poopa kuthyola masipuling'i. Lero phula ndi losalala, ndipo chotigwira mwendo chatsala ndi chikwangwani ndi mutu wa dalaivala. Nambala yolembedwa pachikwangwani ndi malire, si ngongole yoti muikwanitse. Adailemba poganizira galimoto yabwinobwino, masana, msewu uli wouma. Mukasenza, mvula ikamagwa, kapena kukada, liwiro lanu loyenera lili pansi pa nambalayo.

M'tauni muno nkhani ndi yokulirapo. Chipata ndi mzinda wa njinga kuyambira masiku omwe kampani ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle konkuno, ndipo tsopano zaonjezekera njinga zamoto. Kuyambira ku Kapata mpaka ku Saturday Market, m'mphepete mwa msewu muli bambo wokankha matumba a makala, mnyamata wonyamula kasitomala pakaliyala, ana a sukulu oyenda atagwirana manja. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la 65, mpata woti afe umaposa kanayi wa amene wagundidwa pa 50. N'chifukwa chake lamulo lathu lidatsitsa liwiro pafupi ndi masukulu kufika pa 30. Ndikudziwa kuti pa 30 Canter imamveka ngati yaima. Ipirireni, ndi mamita ochepa chabe.

Tsopano ndilankhule ndi inu eni magalimoto, chifukwa ndinu amene ndakudzerani. Madalaivala akhala pano masiku onsewa akuphunzira, koma liwiro la galimoto yanu limakhazikitsidwa pabwalo panu injini isanalire. Mukamuuza mnyamata kuti akatenge soya ku Lundazi, abwere atsitse, apitenso ku Katete dzuwa lisanalowe, ndiye kuti mwamuuza kale liwiro loti ayendere, ngakhale pakamwa panu sipadatuluke nambala. Mukamuikira cashing (ndalama yoti azibweretsa kwa inu) yoti sangaipeze popanda kuonjezera ulendo, phazi lomwe likuponda mafutalo ndi lanu. Ndiye pali foni ija. Munthu ali pakona, wasenza, foni ikulira m'thumba: “Uli pati? Kasitomala akudikira.” Akapanda kuyankha mumati waba galimoto. Akayankha, akuyendetsa ndi dzanja limodzi.

Ndipo tikuthamangira chiyani? Tengani mtunda wa makilomita 80, pafupifupi kuchoka pano kukafika ku Katete. Pa liwiro la 80 ndi ola limodzi. Pa 100 ndi mphindi 48. Mwapulumutsa mphindi 12, zomwe zimathera pa mahampu, pa rodibuloko, kapena podikira wotsitsa katundu amene wapita kukadya. Pofuna mphindi 12 zimenezo mwamwetsa galimoto dizilo wochuluka, mwadya matayala, mwafupikitsa moyo wa mabuleki. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo pano ngakhale buku lanu la ndalama likuvomereza. Galimoto ikagubuduzika, ngongole ya kubanki siigubuduzika nayo. Imatsala, pamodzi ndi mlandu, ndi banja la mwana wa eni ake lomwe mudzalipewe kumsika moyo wanu wonse.

Nafenso okwera tili ndi mbali yathu. Mayi wa tomato amene akufuna kupeza malo abwino kumsika ndiye amayamba kunena kuti dalaivala uyu ndi wamantha. Anyamata kumbuyo amaimba mluzu galimoto ikapitirira inzake pamtunda. Dalaivala ndi munthu, amamva, ndipo ambiri mwa awa ndi achinyamata ofuna kutamandidwa. Tikadzaona vani ikuuluka titakweramo, tigogode padenga. Mafumu athu, mawu anu amafika kumene wapolisi safika. Pokonzekera miyambo ndi pa maliro, nenani kuti Canter yonyamula anthu iziyenda ngati yanyamula anthu.

Kwa a RTSA ndi apolisi, pempho langa ndi lakuti muzioneka m'miyezi yogula mbewu, kuyambira May kupita mtsogolo, m'misewu ya Lundazi, Chadiza ndi Mfuwe, osati pa Great East pokha. Ndipo dalaivala akagwidwa atasenza mopyola, funsani kuti adamutuma ndani.

Eni magalimoto, ntchito yanu ndi iyi, ndipo siifuna ndalama. Lisanafike Lolemba, khalani pansi ndi dalaivala wanu, mulembe maulendo omwe galimoto imayenda, ndi nthawi yomwe ulendo uliwonse umatenga itasenza, osapyola 80 kunja kwa tauni. Cashing muiwerengere pa nthawi imeneyo. Mugwirizanenso malo omwe aziima n'kukuimbirani yekha, kuti inu musamamuimbire ali pachiwongolero. Pepalalo likhale m'galimoto, lina likhale ndi inu.

Wapampando, ndaona kuti masatifiketi afika patebulo. Itanani mayina, ine ndakonzeka kugwirana nawo chanza.