MAKINA OWERENGA ABWENZI A MUNTHU

Nkhani ya lero ndi ya makina amene adziwa munthu poyang'ana anzace.

Anthu ambiri a ku Kafue, monganso a m'matauni ena a m'Zambia, ali pa Facebook, ndipo aliyense atsata masamba amene awakonda: la mpingo wace, la timu ya mpira ya Kafue Celtic, kapena la wogulitsa nsomba za mumtsinje wa Kafue. Kutsata konseku eni ace a Facebook akusunga m'kaundula wamkuru wa m'kompyuta, amene pa Cingerezi ati database.

Kaundulayu angafanizidwe ndi buku la kalaliki wa pamgodi. Kumanzere kulembedwa dzina la wotsata, kumanja dzina la tsamba limene alitsata. Katswiri wofuna kudziwa kanthu alemba funso m'cinenero ca makina ca SQL, cimene cinayambira ku kampani ya IBM ku America m'caka ca 1974. Funso lace lingakhale lotere: ndi maina ati amene apezeka pansi pa tsamba ili ndi pansi pa tsamba linalo? Makina alinganiza mindandanda iwiriyo, naturutsa maina opezeka konsekonse. Nchito imene kalaliki akanaicita sabata lathunthu itha m'kamphindi.

Mwacitsanzo, ngati tsamba la wogulitsa nsomba liri ndi otsata 200, ndipo 150 mwa iwo atsatanso timu ya mpira, ndiye kuti malonda a nsombazo ayenera kulengezedwa kwa okonda mpira. Koma katswiri wanzeru sathamangira kuweruza. Tsamba lodziwika m'dziko lonse ligawana otsata ndi masamba onse, kotero kuti ciwerengero cokha cinganamize. Cifukwa cace ayamba walinganiza otsata ogawanawo ndi ciwerengero ca otsata onse a masamba awiriwo.

Nzeru yotsata ubwenzi wa anthu si yacilendo m'dziko lino. Bwana John Barnes, amene anaphunzira makhalidwe a Angoni a ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndiye anachukitsa mau akuti social network m'caka ca 1954. Anafanizira anthu ndi mfundo za ukonde, ndipo ubale wao ndi zingwe zace. Anzace a ku Rhodes-Livingstone Institute anapitiriza nchitoyi. Bwana A. L. Epstein analemba za ubwenzi wa anthu a ku Ndola m'caka ca 1961, ndipo Bwana Clyde Mitchell anasonkhanitsa maphunziro otere m'buku la m'caka ca 1969. Iwo anayenda m'makomboni ndi pensulo ndi kabuku, nafunsa munthu mmodzimmodzi.

Makina a masiku ano safunsa munthu. Munthu angabise mpingo wace, cipani cace kapena matenda ace, koma ngati masamba amene awatsata ali omwewo amene atsata anthu a gulu lakutilakuti, makina amuika m'gulu lomwelo. M'caka ca 2018 kunaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri ya anthu a pa Facebook ofika mwina 87 miliyoni, kuti iigwiritse nchito pa zandale. Ambiri mwa iwo sanavomere kanthu. Mbiri yao inaturukira mwa abwenzi ao amene anayankha mafunso a pa intaneti.

Boma la Zambia linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act m'caka ca 2021. Lamuloli lipatsa munthu mphamvu yofunsa kampani zimene yasunga za iye, ndiponso liika malire pa kagwiritsidwe nchito ka mbiri ya munthu. Komabe mlonda woyamba ndi mwini wace. Wanchito wa ku fakitale ya feteleza ya ku Kafue, kapena wa ku mgodi wa Nkana, acita bwino kuyang'ana masamba amene awatsata, kucotsa amene sawafunanso, ndi kukana mafunso opempha mndandanda wa anzace.

Akale anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Masiku ano phazi lomwe liri ndi oliwerenga, ndipo aliyense ayenera kusamala popondapo, cifukwa pambuyo pace pali abale ndi abwenzi ace.