Kusiyana kwa Dziko Lolemera ndi Dziko Lokwera Kumene: Phunziro la ku Mtunthama



Munthu wofuna kudziwa kusiyana kwa moyo wa m'dziko lolemera ndi wa m'dziko limene likukwera kumene sayenera kukwera ndege. Angopita ku Mtunthama, m'boma la Kasungu, pakuti kumeneko maiko awiriwa agundana malire.

Mbali ina kuli Kamuzu Academy, sukulu imene Dr. H. Kamuzu Banda anatsegula m'chaka cha 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere umene iye anaphunzirirapo ali mwana. Inamangidwa motsanzira sukulu zotchuka za ku Mangalande: aphunzitsi ochokera ku Britain, Chilatini ndi Chigiriki m'kalasi, nyumba yaikulu ya mabuku, ngakhale bwalo la gofu. Mbali inanso kuli midzi ndi zigafa za fodya, kumene mayi amalawirira ku mjigo ndi ndowa pamutu, ndipo dzuwa likalowa nyumba zambiri zimakhala mu mdima.

Dr. Banda anali dokotala ku London pamene dziko la Britain linakhazikitsa, m'chaka cha 1948, chithandizo chaulere cha chipatala kwa munthu aliyense. Atabwerera kumudzi mu 1958 ankakonda kuphunzitsa kuti munthu amasowa zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha. Muyeso umenewu ngwabwino kufikira lero. Dziko lolemera silidziwika ndi nyumba zosanjikizana, koma ndi mtima wokhazikika wa munthu wamba: mwana akadwala usiku mankhwala alipo, ndipo mvula ikavuta palibe wogona ndi njala. Mwana wobadwa ku Britain ayembekezera kukhala ndi moyo zaka zoposa 80. Wobadwa m'Malawi, zaka zosafika 70.

Kodi kusiyanaku kumachokera ku ulesi? Iyayi. Mlimi wa ku Mtunthama amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, amathirira, amawokera, amathyola, amasoka, amasankha, nadinda mabelo mpaka kukafika ku okushoni ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Komabe kilogalamu imodzi ya fodya wa bale kawirikawiri sipitirira madola 3 kapena 4. Kilogalamu yomweyo imatulutsa ndudu pafupifupi 1,000, ndipo ku London paketi imodzi ya ndudu 20 imagulidwa ndi mapaundi oposa 10. Gawo lalikulu la mtengowo ndi msonkho, umene umalowa m'thumba la boma la kumeneko lolipirira zipatala ndi sukulu. Kotero thukuta limagwera ku Kasungu, phindu limakololedwa kutsidya kwa nyanja. Akuluakulu ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chikhalirecho, si zonse zimene zinachokera kunja. Kufikira 1990 lamulo silinkalola alimi ang'onoang'ono kulima bale. Ankalima ndi eni maesiteti okha, ndipo mabanja ambiri analowa utenanti, nakhala chaka chonse akudya chimanga cha ngongole. Mu 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake chifukwa cha kugwiritsa ntchito ana m'minda, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe silidziyendera lokha kupita ku chigafa.

Nzeru nazonso sizisowa m'midzi. Pa njala yoopsa ya 2002, William Kamkwamba, mnyamata wa kwa Wimbe m'boma lomweli la Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi. Iye anawerenga mabuku a m'kanyumba ka mabuku ka kwawo, natola zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale, napanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. M'dziko lolemera mwana wotere sakanachoka m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Ndi angati anzake amene nzeru zawo zinathera m'mizere ya fodya popanda wowadziwa?

Apa ndi pamene pagona udindo wa mtsogoleri ndi wa wantchito wa Boma. Mitengo ya ku London sangathe kuisintha, koma zilipo zimene zili m'manja mwake. Mlangizi afike kumunda, aphunzitsenso za soya ndi mtedza kuti banja lisadalire mbewu imodzi. Kalaliki asasunge kalata ya mlimi mwezi wathunthu. Mankhwala otumizidwa ku chipatala cha kumudzi akafike onse. Mfumu ndi wapampando wa nthambi akapeza mwana m'chigafa nthawi ya sukulu, akambirane ndi makolo ake tsiku lomwelo. Ndipo okonza mapulani aganizire za mafakitale, kuti mbewu zisamatuluke m'dziko zili zosakonza.

Mwana wa mlimi wa ku Mtunthama amadutsa pa chipata cha Academy akupita ku chigayo. Ntchito ya aliyense wolandira malipiro ochokera ku msonkho wa mlimi ndiyo kufupikitsa mtunda umene uli pakati pa chipata chimenecho ndi khomo la kwawo kwa mwanayo.