Tisanagule jezi, tiyambe talemba ndandanda wa masewero

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndingolunjika.

Nkhani yanga ikuyambira ku America, koma musatope, ifika pano pa Dedza. Kumeneko kuli makoleji amene anakhazikitsidwa kuti aziphunzitsa anthu akuda pa nthawi imene masukulu a azungu ankawakana. Kwa ife si achilendo ayi. John Chilembwe, yemwe nkhope yake timayenda nayo m'thumba, anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira pa Virginia Theological Seminary ku Lynchburg. Dr Kamuzu Banda anamaliza udotolo pa Meharry Medical College ku Nashville mu 1937. Onse awiriwa ndi makoleji a anthu akuda.

Tsono ophunzira a m'makolejiwa ankakonda masewero ngati ife tomwe, koma m'madera ambiri tsankho silinkawalola kukumana ndi matimu a azungu. Ankasewera okhaokha, ndipo vuto lina linali lomwe timalidziwa bwino kuno: timu kubwera ndi munthu woti si wophunzira n'komwe. Mu 1912 oimira makoleji 5 anakumana ku Hampton, m'chigawo cha Virginia. Panali Hampton, Howard, Lincoln, Shaw ndi Virginia Union. Anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa CIAA, woti uziona za malamulo, za woyenera kusewera, ndi za tsiku limene wakuti akumane ndi wakuti. Mu 1913 kunabadwa wina, SIAC, ndipo mu 1920 ku Houston kunabadwa SWAC. Yonseyi ikadalipo mpaka lero.

Wina afunsa kuti nanga zinapindula chiyani? Earl Lloyd, munthu wakuda woyamba kusewera mu NBA, pa 31 Okutobala 1950, anachokera ku West Virginia State, koleji yomwe panthawiyo inali mu CIAA. Atsikana mumve iyi: Althea Gibson, yemwe anaphunzira pa Florida A&M, anapambana tenisi ku Wimbledon mu 1957 ndi 1958.

Ndibwerere kuno. Ife tinazolowera bonanza. Zisankho zikayandikira kumabwera mipira, jezi, chikho chonyezimira, zimbale zili phokoso. Masabata atatu, basi. Akapita eni chikhocho, bwalo limamera nsenjere, anyamata n'kubwerera ku bawo. Sindikunyoza, jezi tinalandira ndipo timavala. Koma wosewera sakulira m'masabata atatu. Dedza Dynamos inalowa mu Super League mu 2022, timu yapakhomo pomwe. Kodi mphunzitsi wa kumeneko atafuna kuona mnyamata wathu akusewera Loweruka likudzali, tingamuuze kuti apite pa bwalo liti, nthawi yanji? Sitingathe, chifukwa ifenso sitikudziwa.

Pempho langa ndi ili. Tipeze makalabu anzathu 4 kapena 5, a kufupi moti kabaza kapena miyendo ikwanire. Za ku Lobi ndi ku Mayani tidzaona m'tsogolo, thumba lathu silingalipire lole sabata iliyonse. Tikhale pansi, tilembe ndandanda wa miyezi 4, kuyambira tikatha kukolola, mpira wa miyendo ndi wa manja tsiku limodzi, bwalo limodzi. Ndanena dala zimenezi, chifukwa atsikana tikawaikira tsiku lawolawo, mukudziwa kuti sikubwera ndi mmodzi yemwe wodzachemerera.

Chovuta kwenikweni ndi cha zaka. Tisanamizane, tonse tinaonapo bambo wa ana awiri akusewera ndi ana a Fomu 1, ndevu atameta m'mawa womwewo. Wosewera aliyense alembedwe ligi isanayambe, ndi chiphaso cha unzika kapena kalata ya ahedi. Timu yobweretsa wobwereka ilandidwe mapointi, ngakhale itakhala yathu ino. Woimbira asachokere ku matimu awiri amene akusewerawo. Mwina ophunzira a ku koleji ya zankhalango ku Chongoni kapena ya aphunzitsi ku Bembeke angatithandize pamenepa, tikawapemphe mwaulemu.

Alembi, Loweruka mubwere ndi kope latsopano. Ndikufuna anthu atatu odzipereka kukapereka makalata ku makalabu anzathuwo, mmodzi akhale mtsikana. Kwezani manja panopa, tisanatseke ndi pemphero.