Musanagule mahedifoni a magemu a mpikisano wa galimoto, tamvani izi

Awa ndi mawu amene mnzathu wina analankhula pa msonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba mmene anayankhulira kuti amene simunabwere muwerenge tisanavote.

 

Mwandipatsa mphindi zochepa kuti ndilankhule za mahedifoni. Ndikuona ena kumbuyoko mwayamba kale kuseka, mukuti nkhani yake n'kukhala imeneyi? Koma kumbukirani kuti Loweruka likubwerali tikuvota za ndalama ija tinapeza pa ganyu yokumba mtedza. Tinagwirizana kuti gawo lina ligule mahedifoni awiri, ena a pa PlayStation 4 imene a patroni anatibwereka, ena a pa laputopu ya kalabu. Ndalama imeneyo inabwera ndi matuza m'manja. Tikagula zolakwika, palibe amene adzatibwezere. Ndipo ine ndaima pano osati chifukwa ndine dolo, koma chifukwa ndinagulapo kale zolakwika.

Nditalemba mayeso a MSCE ndinakhala masabata angapo ndikusenza matumba a soya pa Kamwendo. Ndalama itakwana ndinadutsa pa Mwami kupita ku Chipata, mtima uli pa chinthu chimodzi: mahedifoni a Bluetooth. Ndinawapeza mu shopu ina, bokosi lonyezimira, dzina la kampani yotchuka litalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, timagetsi tikuthwanima m'mbali. Wogulitsa anandiikira nyimbo, besi inagunda mpaka m'chifuwa, ine basi ndalama ndapereka. Sindinayese china chilichonse.

Nditafika kunyumba ndinawalumikiza ku laputopu ya msuweni wanga n'kuyatsa Need for Speed. Galimoto ikugunda khoma, phokoso likubwera pambuyo. Ndikuponda buleki, matayala akulira ndatuluka kale m'kona. Ndinabwera nawo kuno kudzayesa pa PS4, anakaniratu kulumikizika. Magetsi atazima masiku awiri, batire inatha, n'kukhala chokongoletsera khoma. Chikomekome cha nkuyu, anzanga, m'kati muli nyerere. Ndinachita manyazi kuuza amayi kuti thukuta la masabata onse aja lathera pamenepo.

Ndiye tiyambe ndi funso ili: phokoso lili ndi ntchito yanji mu gemu ya mpikisano wa galimoto? Funsani dalaivala wa minibasi ya ku Lilongwe, kapena wa kabaza wa njinga yamoto pa Boma. Posintha giya sayang'ana pa geji, amamvera injini. Komanso mu galimoto yeniyeni thupi lonse limakuuza zinthu. Mpando ukugwedezeka, msana ukumva kuti kumbuyo kwayamba kuterereka. Ife pa gemu tilibe zimenezo. Takhala pa benchi, tagwira padi m'manja. Chatsala ndi maso ndi makutu basi.

Makutu amakuuza zinthu zitatu. Injini imakuuza nthawi yosinthira giya. Matayala akayamba kulira, akukuuza kuti atsala pang'ono kusiya kugwira msewu, uchepetse moto. Ndipo galimoto ya mnzako ikamabwera pambali pamene maso sakuona, khutu ndi limene limakuuza kuti ili kumanzere kapena kumanja. Choncho mahedifoni abwino a mpikisano si amene amagunda kwambiri. Ndi amene amakuuza zoona, pa nthawi yake, kuchokera mbali yoyenera.

Ena mumati magemuwa ndi chibwana. Mu 2011 mnyamata wa ku Britain, Jann Mardenborough, ali ndi zaka 19, anapambana mpikisano wa GT Academy wa gemu ya Gran Turismo, ndipo kampani ya Nissan inamutenga kuti aziyendetsa galimoto zenizeni za mpikisano. Mu 2013 iye ndi anzake anamaliza pa nambala 3 m'gulu lawo pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans. Filimu ya Gran Turismo ya 2023 ndi nkhani yake. Sindikunena kuti Nissan ibwera pa Mchinji mawa, ayi. Ndikungoti chinthu ukachichita, uchichite bwino, ngakhale ndi zida zotchipa.

Tsopano pogula. Mfundo yoyamba ndi yaikulu kuposa zonse: gulani a waya. Bluetooth imatenga phokoso, kulipanikiza, kulitumiza, kenako mahedifoni n'kulimasulanso. Zonsezo zimadya nthawi, ndipo pa mahedifoni wamba kuchedwako kumafika masekondi 0.2 kapena kuposa. Mukuti zochepa, eti? Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu a Fomu 2. Galimoto yothamanga makilomita 200 pa ola imayenda mamita pafupifupi 55 pa sekondi imodzi. Pa masekondi 0.2 yayenda mamita 11. Umenewo ndi mtunda wochokera pomenyera penate kukafika pagolo. Pamene khutu lako likumva kuti matayala ayamba kuterereka, galimoto yadutsa kale mtunda wonsewo. Poonera filimu vutoli simuliona kwenikweni chifukwa foni imatha kuchedwetsa chithunzi kuti chifanane ndi mawu. Gemu singachite zimenezo, chifukwa zonse zikuchitika pompopompo pamene chala chako chadina.

Mahedifoni ena a Bluetooth ali ndi game mode imene imachepetsa kuchedwako, koma sichithetsa. Alipo ena opanda waya amene amabwera ndi kachipangizo kawokawo kolowetsa pa USB, amenewo sachedwa kwenikweni, koma mtengo wake si wa ndalama ya mtedza. Komanso dziwani kuti PS4 silola mahedifoni wamba a Bluetooth, n'chifukwa chake anga aja anakana. Padi ya PS4 ili ndi kabowo ka mamilimita 3.5 kunsi kwake, kofanana ndi ka pa mafoni athu ambiri a Tecno ndi itel. Mumangolowetsa waya, kenako mu masetingi n'kusankha kuti mawu onse azibwera ku mahedifoni. Ndipo a waya safuna kutchaja. Magetsi a ESCOM akazima, laputopu ikadali ndi moto pang'ono, inu mukusewerabe.

Mfundo yachiwiri: yang'anani pulagi. Kachitsulo kolowetsa kaja kamakhala ndi timizere takuda. Timizere tiwiri ndiye kuti ndi omvera okha, kumanzere ndi kumanja. Timizere titatu ndiye kuti pali ndi maikolofoni. Laputopu yathu ya kalabu ndi yakale, ili ndi mabowo awiri, lina la mahedifoni lina la maikolofoni. Pa mpikisano wa muno m'chipinda maikolofoni sitikuifuna n'komwe, mnzako ali pambali pompa, ukhoza kumunyoza ndi pakamwa. Ndiye tisalipire zambiri chifukwa cha maikolofoni. Inu amene mafoni anu alibe kabowo kaja, muli ndi USB-C yokha, mufunika kolumikizira, ndipo mukayese pa foni yanu yomweyo musanalipire, chifukwa si kalikonse kamagwira pa foni iliyonse.

Mfundo yachitatu: musanyengedwe ndi zolembedwa pa bokosi. Mukaona 7.1 surround pa mahedifoni otchipa, dziwani kuti m'katimo muli masipika awiri okha, ina khutu ili ina khutu ilo. Zina zonsezo ndi pulogalamu yongoyerekezera. Timagetsi tothwanima sitiwonjezera kalikonse pa kamvekedwe. Besi yambiri ndi yabwino pa amapiano, koma pa mpikisano imakwirira kulira kwa matayala, kumene kuli kofunika kwambiri. Nambala imodzi yothandiza pa bokosi ndi ya ma ohm. Ikakhala pakati pa 16 ndi 32, foni kapena padi ikwanitsa kuwaliza bwino popanda chipangizo china. Ndipo dzina lalikulu pa mtengo wa mandasi ndi chenjezo. Kuli bwino kugula dzina laling'ono lenileni kusiyana ndi dzina lalikulu labodza.

Mfundo yachinayi: yesani musanalipire, ndipo muyese ndi gemu, osati nyimbo. Tengani foni yanu muli Asphalt kapena gemu ina iliyonse ya galimoto. Onani kaye kuti mono audio ndi yozimitsa mu masetingi a foni, chifukwa ikakhala yoyatsa makutu onse awiri amamva zofanana. Kenako lolani galimoto ina ikupitirireni kumanzere, mumve ngati phokoso likuchokeradi kumanzere. Gwedezani waya pafupi ndi pulagi, pamenepo ndi pamene amayambira kuduka. Mukamva kutsekatseka, asiyeni. Mukapeza amene waya wake amachoka n'kubwezeretsedwa, tengani amenewo, chifukwa waya akaduka mungogula waya wina. Avaleni mphindi zingapo, makamaka inu a magalasi, muone ngati sakufinya. Ganizaninso za kutentha kwa mu Okutobala, chifukwa zophimba za pulasitiki yoterera zimatulutsa thukuta kuposa za nsalu. Wogulitsa akakana kuti muyese, thokozani n'kupita shopu ina. Mufunsenso kuti akafa sabata yomweyo mungabweze kapena ayi. Apa ndi pamene kugula pa Boma kumaposa kugula kutsidya. Ine anga aja kuti ndibweze, thiransipoti yopita ndi kubwera inali ndalama inanso.

Mfundo yachisanu ndi ya ife ngati kalabu. Tigule ophimba khutu lonse, osati tolowetsa m'khutu tija. Chinthu chimene chidutse m'makutu mwa anthu makumi awiri pa tsiku si chaukhondo, tikhoza kupatsirana matenda a m'khutu. Ophimba khutu timangopukuta ndi kansalu wina akamaliza. Komanso amatchinga phokoso la panja ndipo satulutsa lambiri. Kwathu timagona nyumba ya zipinda ziwiri, mlongo wanga akuwerengera mayeso a Sitandade 8. Sabufa usiku ndi nkhondo. Masipika ndi abwino tikakhala gulu tikuonera fainolo masana, koma wofuna kuphunzira kuyendetsa bwino avale mahedifoni.

Tsopano nkhani imene ndaisungira kumapeto, ndipo apa musaseke. Nditataya ndalama ija ndinabwereka timaiyefoni ta mnzanga. Chifukwa kwathu tayandikana ndi chigayo, ndinkakweza voliyumu mpaka kumapeto, maola atatu, anayi. Usiku wina nditagona ndinamva kulira m'khutu, kuti ngwiii, ngati udzudzu woti sukuchoka. Kunatha masiku awiri. Ndinachita mantha zedi. Amene anandiona kuchipatala anandiuza kuti limenelo ndi chenjezo, khutu likudandaula.

M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tsitsi timene timatola phokoso. Tikafa sitimeranso. Mahedifoni akafa mugula ena, koma khutu lilibe sipeya. Bungwe la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni padziko lonse ali pa chiopsezo chowononga makutu chifukwa cha kamvetseredwe kosasamala. Limatinso munthu wamkulu akhoza kumvera phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata osavulala, koma likafika pa 90, malire ake ndi maola 4 okha pa sabata yonse. Mwaona kusiyana kwake? Kukweza pang'ono chabe, nthawi yatsika kuchoka pa 40 kufika pa 4. Ndipo injini ya mu gemu silekeza ngati nyimbo, imalira mpikisano wonse. Nkhaniyi yakula moti mu Marichi 2025 WHO ndi bungwe la ITU anatulutsa ndondomeko yapadera yoteteza makutu a osewera magemu.

Ife tilibe makina oyezera madesibelo, koma pali njira zophweka. Voliyumu isapitirire 60 pa 100 iliyonse. Ola likakwana, vulani, pumulani, mupatse mnzanu padi. Ngati mnzanu waima pafupi akukulankhulani inu osamumva mpaka akuwe, mwakweza kwambiri. Foni ikakuchenjezani kuti voliyumu yakwera, musangodina OK ngati mukuthamangitsa ntchentche. Ndipo chinsinsi ndi ichi: m'malo mokweza zonse, lowani mu masetingi a gemu, zimitsani nyimbo, tsitsani injini pang'ono, kwezani matayala ngati gemuyo ikulola. Mudzamva zofunika zonse pa voliyumu yotsika. Ine nditayamba kutero, nthawi yanga yozungulira inatsika, ndipo m'khutu munakhala bata.

Chinanso, mpikisano ukatha mahedifoni atsale pa khosi kapena m'chikwama. Msewu wa M12 mumadutsa malole opita ndi kuchokera ku Mwami usana ndi usiku, kuphatikizapo njinga zamoto zosawerengeka. Mu gemu ukagunda umadina restart. Pa msewu uja batani limenelo kulibe.

Ndiye pempho langa kwa komiti ndi ili. Tigule mahedifoni awiri a waya, ophimba khutu lonse, a pulagi ya mamilimita 3.5, opanda timagetsi. Apite anthu awiri, mtsikana ndi mnyamata, atenge foni ya gemu, akayese pamaso pa wogulitsa, abwere ndi lisiti. Ndalama yotsala tisunge ya waya wina ndi yokonzetsera. Ndipo tilembe pa khoma lamulo limodzi: ola limodzi, kenako wina.

Amene muli ndi maganizo ena, kapena mukudziwa shopu imene amalola kuyesa, lankhulani Loweruka tisanavote. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya kale gawo langa, lokwanira kalabu yonse.